Mafunso Anu: Makochi a Alabama ndi Mpando Wovuta Kuulowa

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mpira wa chiAmerika wa m'mayunivesite, uja osewera amavala zipewa zolimba n'kumagundana. Mu Blantyre muno alipo omwe ayamba kuuchezera pa kanema usiku wa Loweruka, ndipo dzina lomwe likubwerabwera m'makalatamo ndi la timu ya Alabama. Tasankhapo mafunso okhudza makochi ake.

Ine ndine wa Maule, mpira ndimaudziwa. Koma timu ya ana asukulu, kochi wake mpaka kumuumbira chiboliboli pabwalo? Kuno kochi wa timu ya koleji sitimudziwa n'komwe dzina. — Wa Maule, Ndirande

Achimwene, mawu akuti ana asukuluwo ndiwo akukusocheretsani. University of Alabama ili mu mzinda wa Tuscaloosa, ndipo bwalo lake, Bryant-Denny Stadium, limalowa anthu pafupifupi 100,000, kuposa kawiri bwalo la Bingu ku Lilongwe. Dera lonse la Alabama lilibe timu mu NFL, ligi ya akatswiri olipidwa, choncho mitima ya anthu ili pa masukulu awiri, Alabama ndi Auburn. Akakumana kumapeto kwa Novembala, pa masewera otchedwa Iron Bowl, zimakhala ngati Maule ndi Manoma pa Kamuzu, kungoti kumeneko kulibe chigawo chachiwiri cha ligi choti mukabwezere. Mukagonja mudikira chaka chathunthu.

Koma chomwe chimakweza kochi kwenikweni ndi malamulo a osewera. Mnyamata amaloledwa kusewera nyengo zinayi m'zaka zisanu, ndipo amene ali ndi luso kwambiri amapita ku NFL akangotha zaka zitatu. Chaka chilichonse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a timu limachoka. Wotsala pakhomo ndi kochi. Iyeyo ndiye amayenda m'makomo kukakambirana ndi makolo a anyamata a ku sekondale, ndipo kwa zaka zambiri timu inkaloledwa osewera 85 okha olipiridwa sukulu, ndiye malo aliwonse operekedwa molakwika ankapweteka kwa zaka zinayi. Ndiyenso amalemba ntchito othandizira ake, makamaka awiri akuluakulu, woyang'anira gulu lofuna mapointi ndi woyang'anira gulu lotchinga, pakuti pa masewerawa magulu awiriwa ndi anthu osiyana, 11 uku 11 uku, kuphatikizapo gulu lachitatu la omenya mpira ndi mwendo. Nyengo ikakhala mkati, malamulo amamupatsa maola 20 okha pa sabata oti akhale ndi anyamatawo pa zampira, ndipo masewera a pa ndandanda ndi 12 basi.

Ziboliboli munaonazo zilipo zisanu: Wallace Wade, Frank Thomas, Paul Bryant, Gene Stallings ndi Nick Saban. Amaumbira yekhayo amene anabweretsa ukatswiri wa dziko lonse.

Timuyi inayamba liti, nanga makochi oyambirira anali ndani? — Mphunzitsi wa masewera, Chilomoni

Aphunzitsi, inayamba mu 1892, kochi wake ali E. B. Beaumont, yemwe anapambana masewera awiri n'kugonja awiri. Amene alipo lero, Kalen DeBoer, ndi wa nambala 28. Zaka 30 zoyambirira sitichedwapo: makochi ankabwera n'kumapita, ambiri chaka chimodzi kapena ziwiri. Wofunika kumutchula ndi Xen Scott, amene mu 1922 anagonjetsa Pennsylvania 9-7 pa nthawi yomwe matimu a kummwera kwa America ankaonedwa ngati achibwana.

Maziko enieni anaika ndi Wallace Wade, kuyambira 1923 mpaka 1930. Pa 1 Januwale 1926 anapita ndi timu ku California pa sitima yapamtunda n'kukagonjetsa Washington 20-19 mu Rose Bowl, amodzi mwa masewera akuluakulu otchedwa bowl omwe amatseka nyengo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpira wa kummwera unasiya kupeputsidwa. Anapambana masewera 61, kugonja 13, kufanana mphamvu katatu, ndi ukatswiri wa 1925, 1926 ndi 1930. Kachokedwe kake n'koyenera kukasunga m'mutu, chifukwa khalidwe lomwelo mulionanso kutsogoloku. Timu itatsika pang'ono pakati pa 1927 ndi 1929, ochemerera anayamba kumunyoza. Iye anavomera ntchito ku Duke nyengo ya 1930 isanayambe, kenako anapambana masewera onse 10 a chaka chimenecho, n'kunyamuka.

Wade yemweyo ndiye analoza womulowa m'malo, Frank Thomas, amene anaphunzira mpira kwa Knute Rockne ku Notre Dame. Thomas anakhala kuyambira 1931 mpaka 1946, kupatula 1943 pomwe timu sinasewere chifukwa cha nkhondo. Anapambana 115, kugonja 24, kufanana mphamvu 7, ndipo anasiya chifukwa cha matenda. Uku ndiko kusinthana mpando komwe kunayenda bwino koposa m'mbiri yonse ya timuyi: wochoka anasiya osewera abwino, wolowa anali atasankhidwa kale, panalibe mpungwepungwe.

Harold Drew anagwirizira bwinobwino kuyambira 1947 mpaka 1954. Kenako sukulu inatenga mwana wa pakhomo, J. B. Whitworth, yemwe anasewerapo timuyi, ndipo zinthu zinagwa chagada. Mu 1955 anagonja masewera onse 10, ali ndi Bart Starr pa benchi nthawi zambiri, munthu amene pambuyo pake anapambana Super Bowl ziwiri zoyambirira, mafainolo a akatswiri olipidwa, ndi Green Bay Packers. M'zaka zitatu Whitworth anapambana kanayi kokha.

Aliyense akungoti Bear Bryant, Bear Bryant. Anachita chiyani chenicheni, kupatula kukhalitsa? — Bambo wa ku Zingwangwa

Bambo, Bear ndi dzina lomwe ankamutchula Paul Bryant, ndipo kukhalitsako nakonso si nkhani yaing'ono: zaka 25, kuyambira 1958 mpaka 1982, kupambana 232, kugonja 46, kufanana mphamvu 9, ukatswiri wa dziko lonse kasanu n'kamodzi (1961, 1964, 1965, 1973, 1978, 1979) ndi wa ligi yawo ya SEC ka 13. Anasewera pansi pa Thomas, n'kukaphunzitsa ku Maryland, Kentucky ndi Texas A&M. Atafunsidwa chifukwa chomwe akusiyira timu yabwino kukatenga yowola, anayankha kuti amayi amuitana.

Choyamba anakonza mwambo ndi kutchinga. Chaka chake choyamba anapambana 5, kugonja 4, kufanana mphamvu kamodzi. Pofika 1961 timu yake inapambana masewera onse 11 ndipo adani onse pamodzi anangopeza mapointi 25 nyengo yathunthu. Muganizire kuti touchdown imodzi, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kumbali ya adani, ndi mapointi 6. Ankakonda osewera ochepa thupi koma aliwiro, ndipo ankayang'anira zokonzekera ali pa nsanja yomwe anamanga pabwalo kuti aziona magulu onse nthawi imodzi. Mu 1963 anaimitsa Joe Namath, quarterback wake wodalirika (wosewera amene amatsogolera gulu lofuna mapointi n'kumaponya mpira), pa masewera awiri omaliza chifukwa chophwanya malamulo a timu, n'kukapambanabe Sugar Bowl 12-7. Nkhanza zake zina sitingaziyamikire. Kampu yomwe anachititsa ku Junction mu 1954, ali ku Texas A&M, inali ya pa dzuwa lootcha, madzi akumwa osaperekedwa mokwanira, ndipo anyamata ambiri anathawa. Kochi aliyense wa kuno amene angatengere zimenezo mu Okutobala akhoza kupha mwana wa eni ake.

Chachiwiri, ndipo kwa ife ichi ndiye chachikulu, anavomera kusintha atakula kale. Mu 1969 ndi 1970 timu inangopambana masewera 6 chaka chilichonse, anthu n'kuyamba kunena kuti mkuluyu watha. Mu 1970 USC, yunivesite ya ku California yokhala ndi osewera akuda monga Sam Cunningham, inabwera ku Birmingham n'kuwakwapula 42-21. Mpaka nthawi imeneyo Alabama inali isanaseweretsepo munthu wakuda, manyazi omwe Bryant sangawathawe chifukwa anachedwa nazo. Wilbur Jackson ndiye wakuda woyamba kupatsidwa malo olipiridwa sukulu, ndipo John Mitchell anakhala woyamba kulowa m'bwalo mu 1971.

Chaka chomwecho Bryant anataya kaseweredwe koponya mpira n'kutenga wishbone, komwe anakaphunzira kwa Darrell Royal wa ku Texas. Kamayenda chonchi: kumbuyo kwa quarterback kumaima othamanga atatu. Mpira ukangoyamba, iye amayang'ana wotchinga mmodzi yemwe wasiyidwa dala osagwidwa. Wotchingayo akapita kunja, mpira umapatsidwa kwa wothamanga wapakati. Akalowa mkati, quarterback amathamanga nawo yekha cham'mbali, ndipo wina akamutsekera amauponyera mnzake amene akumutsata. Mdani amayenera kulondera anthu atatu pomwe mpira ndi umodzi. Kuipa kwake, mpira umagwa pansi kawirikawiri pa kupatsiranako, ndipo timu ikatsalira ndi mapointi ambiri imavutika kubweza chifukwa kuthamanga kumadya nthawi. Anakonzekera mwachinsinsi, n'kukadzidzimutsa USC kwawo komwe 17-10 pa masewera oyamba a 1971.

Masewera ake omaliza anali pa 29 Disembala 1982, pomwe anagonjetsa Illinois 21-15. Anamwalira pa 26 Januwale 1983, patangotha masabata anayi.

Ndinawerenga kuti pakati pa Bryant ndi Saban panadutsa makochi asanu ndi awiri. Timu yandalama choncho inkalephera bwanji kupeza munthu? — Wa Manoma, Bangwe

Funso lanu ndi lomwe talikonda kwambiri, achimwene, chifukwa mayankho ake akukhudza komiti ya timu iliyonse, ngakhale ya mu ligi ya m'chigawo. Anthu oti n'kuwalemba analipo. Vuto linali muyeso womwe ankasankhira. Kwa zaka 24 funso loyamba linali lakuti kodi munthuyu ndi wa Bryant kapena ayi, ndipo funso limenelo silinena kanthu za luso lophunzitsa.

Ray Perkins, wosewera wakale wa Bryant, anasiya New York Giants kudzalowa mpandowo mu 1983. Anachotsa nsanja ija pabwalo, ochemerera n'kuona ngati wafukula manda. Mu 1984 anapambana 5 n'kugonja 6, koyamba kuti timu igonje kochuluka kuposa kupambana chichokereni Whitworth. Anakonza zinthu, koma itatha nyengo ya 1986 anabwerera ku NFL.

Bill Curry anali mlendo wochokera ku Georgia Tech, ndipo sanalandiridwe chifikireni. Manambala ake ndi abwino, kupambana 26 kugonja 10, ndi kugawana ukatswiri wa SEC mu 1989. Koma anagonja kwa Auburn zaka zonse zitatu. Kontrakiti yatsopano yomwe anamupatsa inamulanda mphamvu yosankha othandizira ake, iye n'kuona kuti akumupirikitsa mwaulemu, ndipo anapita ku Kentucky. Kochi wosasankha yekha omuthandiza amasenza mlandu wa ntchito yomwe sakuilamulira.

Gene Stallings ndi mmodzi mwa anyamata omwe anapirira kampu ya ku Junction ija. Anayamba ndi kugonja katatu motsatizana mu 1990, koma anamangira timu pa kutchinga, ndipo mu 1992 anapambana masewera onse 13, kumalizira ndi kuphwanya Miami 34-13 pa 1 Januwale 1993. Mwa asanu ndi awiriwo ndi yekhayu amene ali ndi chiboliboli. Komabe m'nthawi yake ndi momwe mavuto ndi NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, anayambira: wosewera wina anasainirana ndi ejenti akadali pasukulu, zomwe zinali zoletsedwa, ndipo anapitiriza kuseweretsedwa mu 1993.

Apa ndi pomwe phompho linayambira. Mike DuBose, mwana wina wa pakhomo yemwe anali asanatsogolerepo timu ya yunivesite, anatenga SEC mu 1999, koma mu 2000 timu yomwe inayamba nyengo ili pa nambala 3 m'dziko lonse inapambana 3 n'kugonja 8. Choipa kwambiri, m'nthawi yake munthu wina wachuma wokonda timuyi analipira kochi wa ku sekondale ku Memphis kuti wosewera wake asankhe Alabama. Chilango chinabwera mu Febuluwale 2002: zaka ziwiri osasewera masewera a bowl omwe amatseka nyengo, ndi kulandidwa malo 21 olipiridwa sukulu m'zaka zitatu. Chilango cha mtundu umenewu sichioneka msanga. Chimadzaluma patapita zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe anyamata amene sanalembedwe aja akanakhala akuluakulu a timu, ndipo wina akavulala palibe womulowa m'malo.

Dennis Franchione anapeza chilangocho chili m'njira. Anapempha osewera kuti asathawe, anapambana masewera 10 mu 2002, kenako anathawa ndi iyeyo kupita ku Texas A&M osatsanzikana nawo maso ndi maso. Mike Price anabwera kuchokera ku Washington State mu Disembala 2002 n'kuchotsedwa mu Meyi 2003 chifukwa cha khalidwe lake pa ulendo wina ku Florida, asanatsogolere masewera ndi amodzi omwe, kontrakiti asanaisainenso. Kusaka kochi mu Meyi kuli ngati kusaka mbewu mvula itagwa kale: abwino onse ali ndi ntchito, ndipo masiku 15 okonzekera omwe malamulo amalola miyezi ya Malichi ndi Epulo adutsa. Anatenga Mike Shula, quarterback wawo wakale, wosatsogolerapo timu, n'kusiya Sylvester Croom, amenenso anasewera ndi kuphunzitsa pansi pa Bryant kwa zaka zambiri. Croom anapita ku Mississippi State n'kukhala kochi wamkulu wakuda woyamba mu SEC. Shula anapambana masewera 10 mu 2005, koma kwa Auburn anagonja kanayi konse, ndipo anachotsedwa mu Novembala 2006.

Tawerengani nokha. Whitworth, Perkins, DuBose ndi Shula anali ana a pakhomo. Wade, Thomas ndi Saban anali alendo, aja amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwa asanu a ziboliboli aja, amene anaphunzira pa Alabama ndi Bryant yekha, ndipo iyeyo pobwera anali atatsogolera kale matimu atatu kwa zaka 13.

Pena ndimaona kuti Saban anapambana 206, pena 201. Zoona ndi ziti? Nanga ukatswiri wa 18 uja ndi weniweni? — Wophunzira, Chichiri

Manambala onse awiri ndi oona. M'bwalo anapambana 206, koma NCAA inafufuta 5 a mu 2007 chifukwa osewera ena anagwiritsa ntchito molakwika mwayi wolandira mabuku a sukulu. Mlandu womwewo unafufutira Shula masewera 16. Pali zilango ziwiri zosiyana. Kufufuta kumangochotsa chipambano osachipereka kwa mdani. Kulanda kumachisandutsa kugonja, ndipo n'zomwe zinachitikira Stallings: m'bwalo anapambana 70, kugonja 16, kufanana mphamvu kamodzi, koma m'mabuku muli 62 ndi 25.

Za 18 zija, zikho za dziko lonse zomwe sukuluyi imati inapambana, dziwani kuti kale kunalibe fainolo. Katswiri ankasankhidwa ndi mavoti, a atolankhani a AP kuyambira 1936 ndi a makochi kuyambira 1950, ndipo chaka chimodzi chinkatha kukhala ndi akatswiri awiri. Mu 1964 ndi 1973 Alabama inavoteredwa masewera a bowl asanachitike, kenako inakagonja kwa Texas ndi kwa Notre Dame. Cha 1941 ndiye chofooka zedi, pakuti timu inagonja kawiri ndipo AP inaiika pa nambala 20. Komanso mu 1966 anapambana masewera onse 11 osapatsidwa kanthu. Zikho za Saban zonse zinapezeka pa masewera a fainolo.

Saban anasintha chiyani chomwe enawo analephera? — Mayi wokonda masewera, Namiwawa

Mayi, poyamba pa zonse anabwera ndi mphamvu zonse m'manja. Mkulu wa zamasewera pasukulupo, Mal Moore, atakanidwa ndi Rich Rodriguez, anakamutenga ku Miami Dolphins mu Januwale 2007 pa kontrakiti ya zaka zisanu ndi zitatu ya madola 32 miliyoni. Anali atapambana kale ukatswiri ndi LSU, yunivesite ya ku Louisiana, mu 2003, choncho panalibe wachuma kapena wosewera wakale woti n'kumuuza zochita. Chaka choyamba anapambana 7, kugonja 6, mpaka kugonja pakhomo kwa Louisiana-Monroe, timu yaing'ono. Sanamusokoneze. Mu 2008 anathetsa zaka zisanu ndi chimodzi zogonja kwa Auburn ndi 36-0, ndipo ukatswiri unabwera mu 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020.

Ntchito yake yaikulu inali kusankha osewera. Malo aliwonse m'bwalo anali ndi muyeso wake wa msinkhu, kulemera ndi liwiro, ndipo mnyamata ankaonedwa pa kanema ndi anthu angapo asanapatsidwe malo. Zotsatira zake, osewera ake oposa 40 anasankhidwa mu raundi yoyamba pomwe matimu a NFL amasankha osewera atsopano, ndipo anayi analandira mphotho ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite chaka chimenecho: Mark Ingram, Derrick Henry, DeVonta Smith ndi Bryce Young. Iye asanabwere timuyi inalibe ndi mmodzi yemwe. Pa zokonzekera sankakhala pa nsanja, ankaphunzitsa yekha otchinga akumbuyo, ndipo ankaumiriza anyamata kuganizira ntchito ya mphindi yomwe alimo, osati bolodi ya mapointi.

Othandizira ake ankatengedwa chaka ndi chaka. Kirby Smart anapita ku Georgia n'kukatenga zikho za 2021 ndi 2022. Saban anathana nazo posunga buku la kaseweredwe ndi mawu ake kukhala za timu, wobwera aliyense n'kumaphunzira zomwe wapeza, kuti osewera asamayambirenso. Ankalembanso makochi ochotsedwa kwina, monga Steve Sarkisian, kuti azisanthula makanema a adani podikira mpata.

Monga Bryant, anasintha atakula. Munthu wokhulupirira kutchinga ndi kuthamanga analemba Lane Kiffin mu 2014 kuti abweretse mpira wachangu woponya. Pa fainolo ya pa 8 Januwale 2018, popita kokapuma akutsalira 13-0 kwa Georgia, anatulutsa quarterback wake Jalen Hurts, yemwe anali atangogonja kawiri m'zaka ziwiri, n'kulowetsa Tua Tagovailoa wa chaka choyamba. Anapambana 26-23 m'nthawi yowonjezera.

Nanga DeBoer akhalitsa, kapena tibwerera ku zija za makochi asanu ndi awiri? — Wa Maule, Ndirande

Mwabweranso achimwene. Kulosera sitilosera, koma ntchito yomwe walowa si yomwe Perkins analowa. Kuyambira 2021 wosewera akhoza kusamukira sukulu ina osakhala chaka pa benchi, komanso akhoza kulandira ndalama pa dzina lake. Saban atapuma pa 10 Januwale 2024, ali ndi zaka 72, malamulo a nthawiyo anapatsa osewera ake masiku 30 oti achoke ngati akufuna. N'chifukwa chake sukulu inatchula DeBoer patangotha masiku awiri, ndipo ngakhale inafulumira choncho, Caleb Downs anapita ku Ohio State ndipo Isaiah Bond anapita ku Texas. Kochi wa lero amayenera kukopanso osewera ake omwe chaka chilichonse.

Pa kasankhidwe anachita bwino. Sanafunse ngati ndi wa Saban. Anatenga munthu yemwe anapambana zikho zitatu ndi sukulu yaing'ono ya Sioux Falls, n'kufikitsa Washington mu fainolo ya nyengo ya 2023. Chaka chake choyamba anapambana 9 n'kugonja 4. Anagonjetsa Georgia 41-34, sabata yotsatira n'kugonja 40-35 kwa Vanderbilt, timu yomwe inali isanawagonjetsepo chichokereni 1984, ndipo sanalowe m'gulu la matimu 12 olimbirana chikho. Auburn anaigonjetsa 28-14, chinthu chomwe Curry ndi Shula sanachitepo.

Mukafuna kumuyeza nokha, yang'anani anyamata omwe akusaina mu Disembala ndi omwe akuchoka mu Januwale, kenako Iron Bowl. Mu Seputembala ndi Okutobala masewera oyamba 2:30 masana ku Tuscaloosa amakhala 9:30 usiku kuno, ndipo mawotchi awo akabwezedwa mu Novembala amakhala 10:30 usiku.